NDUNA YA ZAKA 33 PA BWALO LA MPIRA WA KU AMERICA

Awerengi, pa masewera a mpira anthu amakumbukira dzina la amene wamwetsa cigoli. Amene waletsa cigoli samuimbira nyimbo, ndipo mphunzitsi amene anamuphunzitsa kuletsako sachulidwa n'komwe kufikira tsiku limene timu yagonja. Mlungu uno tikambe za munthu wa nchito yotereyi, bambo wina wa ku America dzina lao a Bud Foster, amene anaphunzitsa anyamata ochinga kumbuyo pa yunivesite ya Virginia Tech kwa zaka 33, kuyambira 1987 kufikira 2019, osakhalapo mphunzitsi wamkulu ngakhale caka cimodzi. Mbiri yao itipatsa funso limene likhudza anthu ambiri a nchito: kodi munthu amene wakhala waciwiri moyo wake wonse walephera?

Tiyambe tamvana za mpira wake, pakuti si uja wa miyendo umene ana athu amasewera pa bwalo la sukulu. Mpira wa ku America ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaunyamula m'manja kapena kuuponya. Amene waunyamula amagwidwa ndi kugwetsedwa pansi, n'cifukwa cake osewera amavala zisoti zolimba ndi zochinjiriza m'mapewa. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 pa bwalo lotalika mayadi 100. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti iyende nao mayadi 10. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina inayi. Ikalephera, mpira umapita kwa anzao. Kufika nao kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6, kuumenya ndi phazi kuti upyole pakati pa mitengo ya golo ndi mapointi 3.

Cosiyana kwambiri ndi mpira wathu ndi cakuti timu imodzi imakhala ndi magulu awiri. Gulu lina limalowa pamene timu ili ndi mpira, lina limalowa pamene mpira uli kwa adani. Gulu laciwirili nchito yake ndi imodzi yokha: kuchinga njira. Lili ndi mphunzitsi wakewake, amene eni ake amamucha defensive coordinator, ndipo iyeyu amayankha kwa mphunzitsi wamkulu monga nduna iyankha kwa mfumu. Pansi pake pali aphunzitsi ena ang'onoang'ono: wa anyamata amphamvu oima kutsogolo, wa oima pakati, ndi wa othamanga oima kumbuyo. Mlungu wonse amakhala akuyang'ana zithunzi za kanema za masewera a adani, kuti adziwe zizolowezi zao. Tsiku la masewera, mpira usanayambike ulendo uliwonse, iye amapereka cizindikiro couza anyamata ake poima ndi wothamangira. Akalakwitsa kamodzi kokha, anthu onse m'bwalo amaona.

Musaganizenso kuti mpira wa m'makoleji ndi waung'ono. Bwalo la Virginia Tech, lochedwa Lane Stadium, m'tauni ya Blacksburg, limalowa anthu oposa 60,000. Komatu osewera ndi ana a sukulu. M'nthawi ya a Foster mnyamata ankasewera zaka ngati zinayi, kenaka n'kucoka. Motero mphunzitsi amakhala ngati mlimi amene ayenera kufesa mbeu zatsopano caka ndi caka. Amayenda m'masukulu a sekondale ndi m'makomo a anthu, kukambirana ndi makolo kuti amupatse mwana wao, ndipo mwanayo akangofika pokhwima, nthawi yake yocoka yakwana.

Makwerero a nchitoyi ali ndi masitepe odziwika. Munthu amayamba ali mthandizi wophunzira, wolandira kandalama kocepa, amene nchito yake ndi kukonza zithunzi za kanema ndi kutumidwa. Akaoneka waluso amapatsidwa kagulu kamodzi ka osewera. Patapita zaka angakhale mtsogoleri wa gulu lonse lochinga, ndipo owerengeka okha ndiwo amafika pa mpando wa mphunzitsi wamkulu. Coopsa cake n'cakuti mphunzitsi wamkulu akacotsedwa, kawirikawiri othandiza ake onse amacoka naye, ngakhale amene sanalakwe kanthu. Cifukwa ca ici ambiri amakhala moyo wosamukasamuka, ana ao akusintha sukulu nthawi ndi nthawi.

Citsanzo ca njira yosamukayi ndi a Nick Saban. Iwo anayamba mu 1973 ali mthandizi wophunzira pa Kent State, ndipo pofika 1983 anali atagwira nchito pa mayunivesite asanu ndi imodzi: Kent State, Syracuse, West Virginia, Ohio State, Navy ndi Michigan State. Ku Ohio State anacotsedwa nchito pamodzi ndi anzao a gulu lochinga masewera a 1981 atatha, ngakhale kuti timuyo inapambana masewera ake otsiriza. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi wamkulu, natenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi LSU mu 2003 ndi kasanu ndi kamodzi ndi Alabama, asanapume nchito mu January 2024. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo aphunzitsi ambiri acinyamata amayang'ana kwa a Saban ndi kunena kuti njira ndi yomweyo.

A Foster anayenda njira ina. Anabadwa mu 1959, nakulira m'katauni kakang'ono ka Nokomis m'cigawo ca Illinois. Anasewera mpira m'gulu lochinga pa Murray State, m'cigawo ca Kentucky, kuyambira 1977 kufikira 1980. Kumeneko anakumana ndi a Frank Beamer, amene anali mtsogoleri wa gulu lochinga mu 1979 ndi 1980. Pamene a Beamer anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu mu 1981, anatenga wophunzira wao uja kukhala mthandizi. Mu 1987 a Beamer anaitanidwa kukatsogolera timu ya Virginia Tech, kumene iwo eni anaphunzirako, ndipo a Foster anapita nao.

Zaka zoyamba zinali zowawa. Yunivesiteyo inali pa cilango cifukwa ca malamulo a masewera amene anaswedwa iwo asanafike. Mu 1987 anapambana masewera awiri okha, nagonja 9. Mu 1992, caka cacisanu ndi cimodzi, anapambananso awiri okha, nagonja 8, nalepherana kamodzi. Kwina kulikonse a Beamer akanacotsedwa, ndipo a Foster akanamanga katundu. Akuluakulu a masewera pa sukuluyo analeza mtima nasunga a Beamer. Ena mwa othandiza anasinthidwa, koma a Foster anatsala. Caka cotsatira, mu 1993, timuyo inapambana masewera 9. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1995 a Foster anapatsidwa utsogoleri wa gulu lochinga mogawana ndi a Rod Sharpless. Caka cimeneco timu inayamba ndi kugonja kawiri, kenaka inapambana masewera khumi motsatizana, otsiriza ake pogonjetsa Texas ndi mapointi 28 kwa 10 pa masewera aakulu a Sugar Bowl. Kuyambira 1996 a Foster anatsogolera gululo okha, ndipo anakhala pa udindowo kufikira 2019.

M'caka comweco ca 1995 anayambitsa mwambo umene unachuka m'dziko lonselo. Anabweretsa citini cakale cadzimbiri, conga cimene anthu a m'migodi ndi m'mafakitale amanyamuliramo cakudya popita ku nchito. Wosewera amene wagwira nchito mwakhama koposa anzake ndiye ankapatsidwa ulemu wocinyamula. Akapambana pa bwalo la adani, ankazula kaudzu ka pabwalopo ndi kuikamo. Pambuyo pa ngozi ya pa 16 April 2007, pamene munthu wamfuti anapha anthu 32 pa yunivesiteyo, maina a omwalirawo anaikidwanso m'citinimo. Cimene a Foster ankaphunzitsa naco cinali cakuti wochinga ndi munthu wa nchito: alawirire, acite gawo lake, asayembekeze kuomberedwa m'manja.

Zipatso zinaoneka. Mu 1999 Virginia Tech inapambana masewera ake onse 11, ndipo gulu la a Foster ndilo linalola mapointi ocepa kuposa magulu onse m'dzikolo. Anafika pa masewera olimbirana ukatswiri wa dziko lonse, koma pa 4 January 2000 anagonja kwa Florida State ndi mapointi 46 kwa 29. Mu 2005 ndi 2006 gulu laolo linakhalanso loyamba m'dziko polola adani kuyenda mayadi ocepa koposa. Mu 2006 a Foster analandira mphotho ya Broyles Award, imene inakhazikitsidwa mu 1996 kuti izilemekeza mphunzitsi wothandiza wopambana onse pa caka.

Munthu akafika pamenepa, matimu ena amamulondola. Mu 2009 timu ya Georgia inawafuna kuti akatsogolere gulu lake lochinga, koma anasankha kukhala. Tisanamizane, komabe, kunena kuti mpando waukulu sankaufuna. Mu 2008 anakayesedwa pa nchito ya mphunzitsi wamkulu ku Clemson, ndipo mpandowo unapita kwa a Dabo Swinney. Pamene a Beamer anapuma nchito kumapeto kwa 2015, anthu ambiri anaganiza kuti nduna ya zaka zonsezi ndiyo ilowe ufumu. Akuluakulu a sukulu anasankha munthu wakunja, a Justin Fuente, ocokera ku Memphis, amene anali aang'ono kwa a Foster ndi zaka zoposa khumi ndi zisanu. M'masiku omwewo a Kirby Smart, amene anatsogolera gulu lochinga la a Saban ku Alabama kwa zaka 8, anapatsidwa mpando ku Georgia, kumene pambuyo pake anatenga ukatswiri wa dziko mu 2021 ndi 2022. Mnzao wa nchito imodzimodzi anakwera, iwo anatsala pomwepo.

Apa ndi pamene munthu amaonekera mtima wake. Ambiri akapitiriridwa motere amacoka mokwiya, kapena amatsala ndi kumakumba dzenje pansi pa mtsogoleri watsopano. A Foster anatsala nagwira nchito pansi pa a Fuente zaka zinayi. Sizinali zaka zofewa zonse. Mu 2018 gulu lao, lodzala ndi anyamata osakhwima, linalola mapointi 49 kwa Old Dominion, timu imene anthu ankaiyesa yaing'ono, ndipo ena anayamba kunena kuti mkuluyo watha. Mu August 2019 analengeza kuti caka cimeneco n'cotsiriza. Mu November, pa masewera awiri otsatizana, anyamata ao sanalole ngakhale pointi imodzi: anagonjetsa Georgia Tech 45 kwa 0, kenaka Pittsburgh 28 kwa 0 pa tsiku limene a Foster anaima komaliza pa Lane Stadium monga mphunzitsi.

Tibwerere tsono ku funso lathu. Ife pano tikuti a Foster sanalephere, ndipo cifukwa cake si cakuti analandira mphotho ayi. Nchito ya mphunzitsi wamkulu ndi ya mtundu wina: kulankhula ndi atolankhani, kusangalatsa anthu olemera amene amathandiza sukulu ndi ndalama, kulemba ndi kucotsa anchito. Pakhala akatswiri ambiri a kuchinga amene anakwezedwa pa mpandowo, nalephera, nabwerera ku nchito yao yakale. Luso la a Foster linali kuwerenga maganizo a adani ndi kuumba mnyamata wosadziwika kuti akhale wosewera woopedwa. Luso limenelo analigwiritsa nchito kufikira mapeto ake. Kuyambira 1993 kufikira 2019 Virginia Tech inaitanidwa ku masewera aulemu otsiriza caka kwa zaka 27 motsatizana, ndipo m'zaka zonsezo iwo anali pa bwalo. Dzina la a Beamer ndilo linamveka koposa, koma a ku Blacksburg amadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Komanso tisakometsere nkhani kuposa m'mene ilili. Kukhulupirika sikunawapatse mpando. Amene amatumikira mokhulupirika cifukwa coyembekeza kuti tsiku lina adzalowa m'malo mwa mkulu wake, aphunzirepo apa kuti lonjezo lotero kulibe. Osankha mtsogoleri amayang'ana zofuna zao za tsiku limenelo, ndipo kawirikawiri maso ao amakhala kunja kwa mpanda. Ngati cimene munthu afuna ndi mpando, njira ya a Saban ndiyo yomufikitsako msanga, pamodzi ndi mtengo wake wa kusamuka ndi kucotsedwa. Ngati cimene afuna ndi kudziwa nchito imodzi mozama ndi kuona zipatso zake pa malo amodzi, njira ya a Foster ilipo, pamodzi ndi mtengo wake wa kupitiriridwa.

Pakati panu, awerengi, alipo aciwiri kwa akulu a sukulu, alembi a magulu a alimi, ndi nduna za mafumu, amene mwasenza nchito zaka zambiri dzina likupita kwa ena. Si colakwa kufuna kukwera, ndipo si manyazi kukhala waciwiri. Cofunika ndi kudziwa m'mtima cimene mwakhalira pamalopo, kuti tsiku limene mpando udzapatsidwa kwa wina, mudzathe kudzuka m'mawa mwake ndi kupita ku nchito monga mwa masiku onse.