Si Chifuwa Chilichonse Chokhalitsa Chili TB

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu pakati pathu, ndipo ife tikuona kuti nthawi yakwana yoti tichiunike. Munthu akatsokomola mwezi wathunthu, nayamba kuonda ndi kulavula makhololo a magazi, mudzi wonse umagamula mlandu iye asanaponde n'komwe pakhomo la chipatala: "Ameneyu ndi wa chifuwa chachikulu." Kawirikawiri mudziwo umalasa, pakuti TB njofala m'dziko muno, makamaka chiyambire pamene kachilombo ka HIV kanafooketsa matupi a anthu ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Koma alipo ena amene chikuwadya m'kati ndi khansa ya m'mapapo. Kwa iwowa, miyezi isanu ndi umodzi yomwera mankhwala a TB ndi miyezi yomweyo imene mpeni wa dokotala ukanatha kuwapulumutsa.

Kuti timvane bwino, tiyeni tikumbutsane zimene aphunzitsi amajambula pabolodi. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere lili ndi ziwiri chifukwa limasiyira malo mtima. Chotupa cha khansa chikadali m'chigawo chimodzi, dokotala wa opareshoni amamanga mitsempha ya magazi yopita m'chigawocho, nadula njira yake ya mpweya, n'kuchichotsa chonse pamodzi ndi anabere oyandikana nacho. Zigawo zotsala zimafufuma ndi kudzaza malowo. Chotupa chikakhala pakati penipeni, pamene njira zikuluzikulu za mpweya zimagawikana, nthawi zina phapo lonse limachotsedwa, ndipo munthu amakhala ndi moyo ndi phapo limodzi, ngakhale kuti pachitunda amayenda mopumira. Kuyambira zaka za m'ma 1990, m'zipatala zokhala ndi zipangizo, ntchito yambiri yotereyi imachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pakati pa nthiti, dokotala akuona m'kati ndi kamera.

Mbiri ya opareshoni imeneyi ili ndi phunziro lowawa. M'chaka cha 1933, mumzinda wa St. Louis ku America, Dr. Evarts Graham anachotsa phapo lonse la munthu wodwala khansa pa opareshoni imodzi, wodwalayo n'kuchira. Wodwalayo anali dokotala mnzake, James Gilmore. Graham yemweyo, pamodzi ndi wophunzira wina wachinyamata, Ernst Wynder, anasindikiza m'chaka cha 1950 kafukufuku wosonyeza kuti pafupifupi amuna onse odwala khansa ya m'mapapo amene anawafunsa anali osuta fodya. M'chaka chomwecho Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anapeza zofananazo ku London. Tsono Graham mwini wake anali atasuta kwa zaka zambiri. Anayesetsa kuleka, koma madzi anali atafika kale m'khosi: anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1957, itapezeka itafalikira kale moti anzake a mpeni analibe pogwira. Gilmore, amene chotupa chake chinapezeka chisanayende patali, anakhala ndi moyo mpaka 1963, zaka 30 chichitikire opareshoni ija. Nthenda inali imodzi, nzeru za madokotala zinali zomwezo. Chinasiyanitsa anthu awiriwa ndi tsiku limene nthendayo inadziwika.

Awerengi achinyamata mwina adabwa kumva kuti TB nayonso kale inali nthenda ya mpeni. Mankhwala asanapezeke, madokotala ankapopera mpweya m'chifuwa kapena kudula nthiti zingapo kuti phapo lodwalalo liphwe ndi kupumula. Streptomycin atapezeka mu 1943, isoniazid nayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952, kenaka rifampicin, maopareshoni ankhanza amenewo anatha pang'onopang'ono. Lero TB wamba imachira ndi mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Ichi nchipambano chachikulu, ndipo sitikufuna kuti wina achinyoze kapena kusiya mankhwala ake panjira chifukwa cha nkhani ino. Chimene tikunena nchakuti chipambano chomwechi chatigonetsa tulo. Popeza mankhwala a TB ali pafupi, ndipo zipangizo zopimira khansa zili kutali, nkwapafupi kumupatsa wodwala mapiritsi ngakhale makhololo ake sanaonetse kachilombo, n'kumuuza kuti akayesere kunyumba.

Sitikuloza chala ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono. Pachithunzi cha X-ray mthunzi wa khansa ndi mthunzi wa TB zimafanana kwambiri, ndipo wodwala mmodzi akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Makina a GeneXpert, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010, amapeza TB m'makhololo m'maola ochepa. Koma akanena kuti TB palibe, sanena chimene chilipo. Kuti khansa itsimikizike pamafunika chithunzi cha CT, ndiponso kutapa kachidutswa ka chotupacho, mwina ndi kachubu kolowetsa m'njira ya mpweya kapena ndi singano yobaya pakati pa nthiti, kuti akatswiri akakaunike. Zimenezi zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo ulendo wopita kumeneko umafuna kalata, ndalama ya basi ndi womudikirira wodwala.

Vuto lina nlakuti mnofu wa phapo sumva kupweteka. Chotupa chikhoza kukula mwakachetechete kwa miyezi yambiri, ndipo ululu umayamba chikafika pa nembanemba yokuta mapapo, m'nthiti kapena m'mafupa ena. Nchifukwa chake ngakhale m'maiko olemera ambiri amapezeka nayo mochedwa. Pa dziko lonse, m'chaka cha 2022, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anafa nayo. Palibe khansa ina imene inapha anthu ochuluka chotere.

Nanga amene mpeni wawadutsa, alibe chithandizo? Ayi, chilipo. Pali mankhwala a m'diripi opha maselo a khansa, ndiponso cheza champhamvu chootchera chotupa. Mtundu wina wa khansayi, wa maselo ang'onoang'ono, umene umagwira odwala pafupifupi 15 mwa 100 alionse, umathamanga kwambiri kotero kuti kawirikawiri sachita nawo opareshoni. Mankhwala ndi cheza ndizo zida zake. Mu 2004 akatswiri anazindikira kuti zotupa zina zili ndi chilema m'chibadwa chotchedwa EGFR, ndipo zoterezi zimafota ndi mapiritsi akeake. Kuyambira 2015 palinso mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi chotupa. Koma tinene chilungamo: mankhwala atsopanowa ngokwera mtengo koposa, ndipo khansa ikafalikira, ntchito yake nthawi zambiri ndi kutalikitsa moyo ndi kuchepetsa mavuto, osati kuchiza. Ngakhale pamenepo wodwala sayenera kusiyidwa akubuula. Madzi odzaza m'chifuwa amapopedwa kuti apume bwino, ndipo morphine wakumwa amaletsa ululu ndi kubanika. Kupempha zimenezi sikutaya mtima.

Tisaiwale gulu lina la anthu amene chifuwa chawo chimatchedwa TB mwachisawawa: madala athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide limasiya zipsera m'mapapo, nthenda yotchedwa silicosis, imene ilibe mankhwala oichotsa ndipo imatsegulira khomo TB ndi khansa yomwe. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zolipira ogwira ntchito m'migodi ina ya golide amene anadwala silicosis kapena TB. Mkulu wotere akafika kuchipatala, ayenera kunena yekha kuti anagwirapo ntchito pansi pa nthaka ndi zaka zingati, ngakhale sanafunsidwe. Chimodzimodzinso amayi amene sanagwirepo ndudu, koma apuma utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda zenera kuyambira utsikana wawo.

Za fodya tiyenera kulankhula mosapsatira, ngakhale tikudziwa kuti ambiri mwa owerenga tsamba lino fizi yawo inachokera ku okushoni. Bungwe la WHO limati fodya ndiye gwero la khansa ya m'mapapo mwa odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse, ndipo chingambwe chopichira m'pepala sichichitira chifundo phapo kuposa ndudu ya m'sitolo. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Kafukufuku wa Doll, amene anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, anaonetsa mu 2004 kuti wosuta amataya zaka pafupifupi 10 za moyo wake, koma woleka ali ndi zaka 30 amapewa pafupifupi chiopsezo chonsecho, ndipo woleka ali ndi zaka 50 amachidula pakati. Mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 nayamba kusuta pogolosale chifukwa chosowa chochita akadali ndi mwayi umene Graham analibe.

Pempho lathu kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata ophunzira, amene nthawi zambiri ndiwo amaperekeza makolo kuchipatala ndi kuwawerengera zolembedwa m'kabuku, ndi ili. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, wodwala akapimitse makhololo. Akayamba mankhwala a TB, amwe mokhulupirika. Koma ngati papita miyezi iwiri akumwa bwinobwino ndipo akuonderabe, kapena mawu asasa osabwerera, kapena nkhope ndi khosi zikutupa, kapena chibayo chikubwerezabwereza mbali imodzimodziyo, makamaka ngati ndi munthu wopitirira zaka 40 amene anasutapo, musadikire kuti miyezi isanu ndi umodzi ikwane. Bwererani naye, nyamulani chithunzi choyamba cha X-ray kuti achiyerekeze ndi chatsopano, ndipo funsani mwaulemu ngati sangamulembere kalata yopita kuchipatala chachikulu.