THUPI LA MUNTHU: MTIMA NDI ULENDO WA MWAZI

Mbuzi ikaphedwa pa mudzi, kaya pa ukwati kaya pa maliro, mtima ndi ciwindi sizicedwa kupita pa moto. Mwana wa sukulu ya sekondale amene ali pafupi tsiku limenelo acite canzeru: apemphe mtimawo usanaochedwe, autsuke, ndipo aung'ambe ndi mpeni kucokera pamwamba kufikira kunsonga. Mtima wa mbuzi unaumbidwa mofanana ndi wa munthu, motero zimene aphunzitsi amajambula ndi coko pa bolodi zimaoneka ndi maso m'mbale ya nyama.

Pa Cinyanja mtima umasenza katundu wambiri. Munthu amapsya mtima, amakoma mtima, amataya mtima, ndipo akalandira mbiri yabwino mtima wake umakhala pansi. Anthu a sayansi anapeza kuti kuganiza, mantha ndi cimwemwe zimacokera mu ubongo. Komabe makolo sanalankhule zopanda pake, pakuti munthu akaona njoka m'njira ubongo umatumiza mthenga, mtima nuyamba kuthamanga, ndipo manthawo amamveka m'cifuwa. Nchito yeniyeni ya mtima ndi imodzi yokha: kupopa mwazi, umene ambiri amati magazi, kuti ufike pali ponse m'thupi.

ZIPINDA ZINAI

Mtima ndi mnofu wolimba, waukulu ngati nkhonya ya mwini wake. Wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 300. Umakhala pakati pa mapapo awiri, kuseri kwa pfupa la pacifuwa, ndipo nsonga yake inapendekera kumanzere. Ndico cifukwa cake kugunda kumamveka kwambiri mbali imeneyo.

Wong'amba mtima wa mbuzi adzapeza khoma lowugawa pawiri, mbali ya kumanja ndi mbali ya kumanzere. Mbali iri yonse iri ndi zipinda ziwiri, cina pamwamba cina pansi. Zipinda zapamwamba ndizo zolandira mwazi, ndipo m'mabuku a sukulu ciri conse cimachedwa atrium. Zapansi ndizo zoukankha kuti utuluke, ndipo dzina lake ndi ventricle. Akapenda bwino adzaona kuti mnofu wa cipinda capansi ca kumanzere ndi wocindikala pafupifupi katatu kuposa wa cinzake. Cifukwa cake ncosabvuta: cipinda ca kumanja cimakankhira mwazi ku mapapo okha, amene ali pafupi, pamene ca kumanzere ciyenera kuufikitsa ku mutu ndi ku zala za ku mapazi.

Pa khomo la pakati pa cipinda capamwamba ndi capansi, ndiponso pamene mitsempha iwiri yaikulu imatulukira, pali tizitseko topyapyala. Tonse pamodzi tiripo tinai. Tiwiri ta pakati pa zipinda tinamangidwa ndi tizingwe toyera timene timaoneka bwino mu mtima wa mbuzi. Ali yense amene anapopapo njinga adziwa kuti valavu imalola mpweya kulowa koma imaukaniza kubwerera. Tizitseko ta mtima timacita cimodzimodzi ndi mwazi. Kulira kuwiri kumene dotolo amamva akaika cipangizo cake pa cifuwa ndiko kutsekeka kwa tizitseko timeneti.

Mtima sudikira kulamulidwa kuti ugunde. M'khoma la cipinda capamwamba ca kumanja muli kagulu ka maselo kamene kamatulutsa mphamvu yocepa ya magetsi nthawi ndi nthawi, ndipo mphamvuyo ikafalikira mnofu wonse umafinyika. Ngakhale munthu ali m'tulo tofa nato, nchitoyi siima.

ULENDO WOZUNGULIRA

Mwazi wocokera m'thupi umafika ku mtima uli wodera, popeza wasiya mpweya wabwino m'ziwalo. Umalowa m'cipinda capamwamba ca kumanja, nutsikira m'capansi, ndipo kucokera pamenepo umakankhidwira ku mapapo. Kumeneko umataya mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi, umene munthu amaupumira kunja, nutenga mpweya wa okosijeni. Tsono umafiira piriwiri, nubwerera ku mtima kudzera mbali ya kumanzere. Cipinda camphamvu cija cimauponya mu mtsempha waukulu koposa yonse, wochedwa aorta, umene umagawikana nthambi zopita ku ubongo, ku impsyo, ku matumbo, ku manja ndi ku miyendo. Nthambi zoyamba zenizeni zimadyetsa mnofu wa mtima womwewo.

Mlimi wa dimba adziwa kuti madzi amacoka mu ngalande yaikulu kulowa m'tingalande, kufikira atanyowetsa phando liri lonse. Mitsempha yotulutsa mwazi ku mtima, imene ku sukulu amati artery, imanka nicepa cotero kufikira itasanduka timitsempha toonda kuposa tsitsi, tochedwa capillary. M'timitsempha timeneti ndimo mwazi umapereka cakudya ndi okosijeni ku minofu, nutola zonyansa. Koma pali kusiyana kumodzi: madzi a m'dimba amalowa pansi osabwereranso, pamene mwazi umasonkhananso m'mitsempha yobweza, yochedwa vein, nufikanso ku mtima.

Kudziwa zimenezi kumathandiza pa ngozi. Munthu akadzitema ndi nkhwangwa, mwazi wofiira kwambiri nutumphuka motsatana ndi kugunda kwa mtima, ndiye kuti mtsempha wotulutsa mwazi waduka. Pamenepo cofunika ndi kupsinja balalo mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osalekeza, ndi kuthamangira naye ku cipatala. Kuthirapo dothi kapena phulusa kumangolowetsa matenda.

MASAMU A WILLIAM HARVEY

Kwa zaka zoposa 1,000 madotolo a ku Ulaya anatsata ciphunzitso ca Galen, cakuti ciwindi cimapanga mwazi watsopano kucokera ku cakudya, ndipo thupi limautha monga moto umathera nkhuni. Mu 1628 dotolo wa ku England, William Harvey, anasindikiza buku lotsutsa ciphunzitsoco. Cida cake cacikulu cinali masamu. Anawerengera mwazi umene mtima umatulutsa, napeza kuti ndi woculuka kotero kuti palibe cakudya cimene cingaupange. Anatsimikiza kuti ndi mwazi umodzi womwewo umene umazungulira. Harvey anamwalira mu 1657 asanaone timitsempha tolumikiza njira ziwirizo. Marcello Malpighi wa ku Italy ndiye anationa mu 1661, m'mapapo a cule, ndi galasi lokulitsa zinthu.

Mwana wa sukulu angathe kubwereza masamu otere pa khonde. Aike zala ziwiri pa dzanja, m'munsi mwa cala cacikulu, nawerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Mtima wa munthu wamkulu amene ali cikhalire umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo wa khanda umafulumira kuposa pamenepo. Ngati wapeza 70, aculukitse ndi mphindi 60 ndi maola 24: yankho ndi 100,800 pa tsiku. Kugunda kuli konse kumatulutsa pafupifupi mamililita 70, ndiko kuti malita asanu pa mphindi, kapena malita 7,000 pa tsiku. Amenewo ndi madiramu 35 a malita 200. Koma munthu wamkulu ali ndi mwazi wokwana malita asanu okha. Tsono nkoonekeratu kuti mwazi wonse umadutsa mu mtima pafupifupi kamodzi pa mphindi iri yonse.

ZIRONDA ZA PAKHOSI ZIMAONONGA MTIMA

Phunziro la tizitseko lisathere m'kope la mayeso, pakuti likhudza moyo wa ana m'midzi. Pali tizirombo tochedwa streptococcus timene timayambitsa zironda za pakhosi, makamaka mwa ana a zaka 5 kufikira 15. Mwana amatentha thupi, amalephera kumeza, ndipo m'khosi mumatupa mwanabele. Patapita masiku ocepa amapeza bwino, makolo naiwala.

Koma mwa ana ena, patapita masabata awiri kapena atatu, thupi limatenthanso ndipo mfundo zimatupa ndi kuwawa, lero bondo, mawa cigongono, mkuja kakolo. Cimene cacitika ndi ici: asilikali a m'thupi, pofunafuna tizirombo tija, asokonezeka nayamba kumenya mfundo ndi tizitseko ta mtima wa mwanayo. Mfundo zimacira, koma tizitseko timatsala ndi zipsyera. Matendawa akabwera kawiri katatu, kacitseko kamauma kapena kukwinyika, kotero kuti sikatsekuka bwino kapena sikatseka bwino. Mwazi umabwerera m'mbuyo monga mpweya pa valavu yakutha, ndipo mtima umagwira nchito yowirikiza kufikira utalema.

Zotsatira zake zimaoneka patapita zaka. Mnyamata amene anali kuthamanga ndi mpira ayamba kupuma mwawefuwefu pa kamtunda kakang'ono, miyendo nitupa. Mtsikana amene sanadziwe kuti ali ndi bvutoli amalizindikira atatenga pathupi, pamene mtima uyenera kupopa mwazi woculuka kuposa kale. Kukonza kacitseko koonongeka kumafuna opaleshoni yaikulu ndi yodula. Koma ciyambi ca zonsezi cimatha ndi mankhwala ochipa a penicillin. Si cironda ca pakhosi ciri conse cimene cimacokera ku tizirombo timeneti, ndipo wodziwa kusiyanitsa ndi wa cipatala. Motero mwana wotentha thupi amene akudandaula pakhosi apite naye ku kiliniki msanga, ndipo amalize mankhwala onse ngakhale atapeza bwino. Amene anadwalapo kale matenda a mfundo aja amalandira nyeleti ya penicillin masabata atatu kapena anai ali onse kwa zaka zambiri, ndipo kudumphitsa ndiko kutsegulira mdani khomo.

MWAZI UKACEPA

Pampu ingakhale yabwino cotani, siithandiza ngati m'citsime muli madzi ocepa. Mwazi uli ndi madzi acikasu, maselo oyera omenyana ndi matenda, tizidutswa toundanitsa mwazi pa bala, ndi maselo ofiira onyamula okosijeni. Maselo ofiira amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo liri lonse limakhala masiku pafupifupi 120. Cimene cimawafiiritsa ndi kugwira okosijeni ndi hemogulobini, imene siingapangidwe popanda mcere wa ayironi wocokera m'zakudya.

Adani a maselo ofiira ndi odziwika m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa. Tizirombo ta malungo timalowa m'maselowo, kuswana m'menemo ndi kuwaphulitsa. Njoka za m'mimba zimene zimalowera ku mapazi a woyenda wopanda nsapato zimayamwa mwazi m'matumbo. Likodzo limautaya pamodzi ndi mkodzo. Mai wapathupi amafuna ayironi woculuka kaamba ka mwana amene ali m'mimba. Palinso matenda obadwa nao a sickle cell, amene amapinda maselo ofiira ngati cikwakwa.

Maselo ofiira akacepa, mtima umafulumira kuti ocepawo azungulire kawirikawiri. Ndico cifukwa cake wocepa mwazi amamva mtima kugunda kwambiri, amacita cizungulire ndi kutopa msanga pa khasu. M'kati mwa zikope, pa lilime ndi m'zikhato mumayera. Mwana wa zizindikiro zotere amene akupumanso mofulumira asagone pa nyumba. Kumutema mphini kumangotaya mwazi wocepa umene watsala, ndiponso kumacedwetsa ulendo wa ku cipatala.

Zambiri zoteteza ziri pa khomo pomwepo. Ciwindi, nyama, mbewa, kapenta ndi mphalabungu ziri ndi ayironi wolowa msanga m'thupi. Kayera, nyemba, bonongwe, mnkhwani ndi kholowa zimathandizanso, makamaka zikatsagana ndi zipatso monga magwafa, malalanje kapena malambe. Tiyi womwera pamodzi ndi cakudya amacepetsa ayironi wolowa m'thupi, motero ndi bwino kumumwa pa nthawi yake. Kugona m'masikito, kubvala nsapato, kugwiritsa nchito cimbudzi, ndi kumwa mapiritsi a ayironi amene amai amalandira ku sikelo ndizo njira zosunga mwazi.

Mwazi ukacepa kopitirira, wodwala amafuna kuikidwa wa munthu wina. Karl Landsteiner anatulukira magulu a mwazi mu 1901, ndipo masiku ano madotolo amayamba apima kuti wa wopereka ugwirizane ndi wa wolandira. Magulu akuluakulu ndi A, B, AB ndi O. Palibe fakitale yopanga mwazi. Wonse umene bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limasunga ndi wocokera kwa anthu odzipereka, ndipo ambiri a iwo ndi ophunzira acikulire a m'masukulu a sekondale. Wopereka amacotsedwa wosafika theka la lita. Madzi ake amabwerera m'masiku awiri, ndipo maselo ofiira m'masabata owerengeka. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe: botolo limene mnyamata wa ku Petauke apereka lero lingapulumutse mai wobereka ku Katete mawa.

NCHITO YA SABATA INO

Wophunzira awerenge kugunda kwa mtima wake ali cikhalire, kenaka athamange kuzungulira bwalo kawiri nawerengenso, ndipo afotokozere a m'nyumba cifukwa cake ziwerengerozo zasiyana. Akatero apende zikope ndi zikhato za abale ake aang'ono, nafunse ngati pali amene akumva kuwawa pakhosi. Akapeza wotere auze makolo tsiku lomwelo. Sabata ya mawa nkhani idzakhala ya mapapo ndi kupuma.