Mawu amodzi pa mawailesi mazanamazana

Sabata ino tiyeni tione mchitidwe wina wa mawailesi a ku America. Kumeneko pulogalamu imakonzedwa pamalo amodzi kenaka n'kugawidwa ku mawailesi ambirimbiri, moti munthu wa ku Texas ndi wa ku Alaska amamvera muulutsi mmodzi yemweyo.

Zinayamba mu 1928 ku Chicago, pamene Freeman Gosden ndi Charles Correll ankajambula sewero lawo la Amos 'n' Andy pa mbale za galamafoni n'kuzitumiza ku mawailesi ena. Seweroli linatchuka kwambiri mpaka nyumba zina zoonetsera kanema zinkaimitsa filimu kuti anthu amvere kaye. Komabe awiriwa anali azungu amene ankayerekeza kalankhulidwe ka anthu akuda, ndipo ambiri amati kumeneko kunali kuwanyoza.

Mu Julaye 1970 kunabwera American Top 40 ya Casey Kasem. Inayamba pa mawailesi 7 okha, koma inafalikira ku mawailesi mazanamazana mpaka kunja kwa America. Sabata iliyonse Kasem ankatchula nyimbo 40 zimene zili pamwamba pa mndandanda wa magazini ya Billboard, kuyambira ya nambala 40 mpaka yoyamba. Pakati pake ankafotokoza mbiri ya oimba ndi kuwerenga makalata a omvera opereka moni kwa okondedwa awo akutali. Ine ndimati chinsinsi chake chinali pamenepa: ankalankhula ngati akucheza ndi munthu mmodzi pakhonde. Ryan Seacrest analowa m'malo mwake mu 2004.

Nanga n'chifukwa chiyani eni mawailesi anakonda njirayi? Ndi nkhani ya ndalama. Mapulogalamu ambiri otere amaperekedwa ulere. Okonza amangosunga mphindi zingapo pa ola lililonse n'kuzigulitsa kwa makampani akuluakulu otsatsa malonda, ndipo wailesiyo imagulitsa mphindi zotsalazo kwa amalonda a m'dera lake. Mwini wailesi amapeza pulogalamu yapamwamba popanda kulipira muulutsi. Umu ndi mmene Rush Limbaugh anakulira. Mu 1987 boma linathetsa lamulo lokakamiza mawailesi kupereka mpata ku mbali zonse pa nkhani zokangana, ndipo mu 1988 pulogalamu yake yandale inayamba kumveka m'dziko lonse. Inafika pa mawailesi pafupifupi 600.

Koma zotsika mtengo zili ndi mtengo wake wobisika. Lamulo la 1996 linalola kampani imodzi kukhala ndi mawailesi ochuluka, ndipo Clear Channel inasonkhanitsa oposa 1,000. Aulutsi ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ntchito inawathera. Usiku wa pa 18 Januwale 2002, sitima yonyamula mpweya wapoizoni wa ammonia inagwa pafupi ndi mzinda wa Minot ku North Dakota. Mawailesi 6 amalonda a mumzindawo anali a kampani yomweyi. Makina a chenjezo sanagwire ntchito, ndipo apolisi ataimba foni ku wailesi imene inkayenera kuchenjeza anthu, anavutika kupeza woyankha. Mpweyawo unkafalikira m'makomo uku nyimbo zikungolira.

Sindikunyoza luso la Kasem ndi anzake. Wachinyamata aliyense wofuna kukhala muulutsi angaphunzireko zambiri. Chimene ndikunena n'chakuti muulutsi wa ku Los Angeles, ngakhale akhale katswiri chotani, sadziwa kuti mlatho wa kwanu wakokoloka. Ife amene tinaona Namondwe Freddy mu 2023 tikudziwa kufunika kwa uthenga wofika msanga, m'chinenero chathu, wotchula mtsinje ndi mudzi ndi dzina lake. Choncho eni mawailesi athu, makamaka a m'madera, akamapatsidwa mapulogalamu aulere ochokera kunja, alandire ndithu abwinowo. Koma usiku ndi usana mu situdiyo muzikhala munthu woti foni ikalira ayankhe.