Kodi Mphunzitsi Alowe M'kalasi Ndi Mfuti? Mkangano Wa Ku America

Ku dziko la America kuli mkangano umene wadya zaka zoposa khumi, ndipo ife tonse amene tili ndi ana pa sukulu tiyenera kuumva. Funso lake nali: kodi mphunzitsi aziloledwa kulowa m'kalasi ali ndi mfuti m'ciuno, kuti wina akabwera kudzapha ana, iye ayambe ndiye kuombera? Kwa munthu wa kumudzi funsoli limveka ngati nkhani ya pa mowa. Koma kumeneko ndi nkhani ya m'Nyumba za Malamulo, ndipo zigawo zingapo za dzikolo zinabvomereza kale.

Tiyambe tamva cimene cinautsa mkanganowu. Pa 20 April 1999, anyamata awiri a pa sukulu ya Columbine, m'cigawo ca Colorado, anafika ndi mfuti napha anzao 12 ndi mphunzitsi mmodzi tsiku limenelo. Pa 14 December 2012, mnyamata wa zaka 20 anatenga mfuti za amai ake, nawapha amai akewo, napita pa sukulu ya Sandy Hook m'cigawo ca Connecticut. Kumeneko anapha tiana 20 ta zaka 6 ndi 7, pamodzi ndi akulu 6 ogwira nchito pa sukulupo. Maliro asanathe nkomwe, patangopita mlungu umodzi, Wayne LaPierre, amene panthawiyo anali mkulu wa bungwe la eni mfuti la National Rifle Association, anaima pamaso pa atolankhani nanena kuti munthu woipa wa mfuti angaletsedwe ndi munthu wabwino wa mfuti basi. Pa mau amenewa ndi pamene patsamira ganizo lonse lopatsa aphunzitsi zida. Mu February 2018, anthu 17 ataphedwa pa sukulu ina ku Parkland m'cigawo ca Florida, Pulezidenti Donald Trump anaonjezapo kuti aphunzitsi odziwa mfuti aziloledwa kunyamula, ndi kuti azilandirako kandalama kapadera cifukwa ca nchitoyo.

Tisafulumire kuwaseka anthu amenewa, pakuti pali mfundo yao imodzi imene inu a kumidzi muidziwa bwino kuposa a m'tauni. Ku Harrold, kamudzi ka m'cigawo ca Texas, sukulu ya ana oposa pang'ono 100 inayamba kulola aphunzitsi kubisa mfuti m'zobvala mu 2008. Cifukwa cake cinali cakuti apolisi ali kutali, ulendo wa theka la ola pa galimoto, pamene wakupha amatsiriza nchito yake m'mphindi zowerengeka. Aliyense amene anatumapo mwana pa njinga kukaitana apolisi usiku, mbala zili m'khola, adziwa kuwawa kwa kudikira. Palinso nkhani ya ku Pearl, m'cigawo ca Mississippi, ya mu October 1997: mnyamata wa zaka 16 atapha anzake awiri, waciwiri kwa mkulu wa sukulu anathamangira ku galimoto yake, natenga mfuti, namgwira mnyamatayo pamene anali kuthawa. Nkhani imeneyi aikonda kwambiri ofuna mfuti m'sukulu. Cimene saculako kawirikawiri ndi cakuti bambo ameneyu anali munthu wophunzira usilikali, ndiponso kuti mu 2018 iye mwini ananena poyera kuti kupatsa aphunzitsi mfuti ndi ganizo lolakwika.

Tsono tiyeni tione zimene zinacitika m'malo amene munthu wabwino wa mfuti uja analipo kale. Ku Columbine kunali wapolisi wa mfuti wolondera sukuluyo. Anaomberana ndi mmodzi wa anyamata aja panja, koma kupha kunapitirira mkati. Ku Parkland kunalinso wapolisi wa mfuti, Scot Peterson. Pamene mfuti inali kulira m'nyumba ya makalasi, iye anaima panja, salowa, ndipo kupha konse kunatha m'mphindi monga 6. Anamuimba mlandu, koma mu 2023 bwalo linampeza wosalakwa.

Za ku Uvalde, m'cigawo ca Texas, ndi zobvuta kuzifotokoza mtima uli m'malo. Pa 24 May 2022 mnyamata wa zaka 18 analowa m'kalasi pa sukulu ya Robb, napha ana 19 ndi aphunzitsi 2. Apolisi amene anasonkhana pa sukulupo tsiku limenelo anakwana 376. Anali ndi mfuti zazikulu, ena anali ndi zishango ndi malaya oletsa zipolopolo. Anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo. M'nthawi yonseyo ana obvulala anali kutaya magazi pansi, ena anali kuimba foni kupempha apolisi kuti abwere, pamene apolisiwo anali kuseri kwa citseko. Makolo amene anafuna kulowa okha anawabweza ndi mphamvu. Tsono abale, ngati apolisi 376 amene nchito yao ya tsiku ndi tsiku ndiyo mfuti anagwidwa njakata cotero, kodi tiyembekeza ciani kwa mai wophunzitsa Giredi 4, amene m'mawa umenewo anali kuganiza za masamu ocotsera, tiana 20 tikulira titamgwira siketi?

Ena ati mphunzitsiyo adzayamba waphunzitsidwa. Indedi, koma kwa nthawi yotani? Cigawo ca Florida, m'lamulo lake la 2018, cinaika maola 144, ndipo mu 2019 cinalola kuti ndi aphunzitsi a m'kalasi omwe alowe m'makonzedwewo. Ku Ohio bwalo lalikulu linagamula mu 2021 kuti wonyamula mfuti pa sukulu ayenera kuphunzira monga wapolisi, maola oposa 700. Aphungu anaona kuti maolawo acuruka, ndipo mu June 2022, patangopita milungu yocepa cicitikire za ku Uvalde, Bwanamkubwa Mike DeWine anasaina lamulo lotsitsa maolawo kufika pa 24. Maola 24 ndiwo masiku atatu a nchito. Kodi alipo mwa inu amene angapereke ng'ombe zake za pa goli kwa mnyamata amene waphunzira kulima masiku atatu?

Ngakhale wophunzira zaka zambiri amaphonya. Bungwe la RAND linapenda kaomberedwe ka apolisi a mu mzinda wa New York kuyambira 1998 mpaka 2006, ndipo linapeza kuti pa kuomberana ndi acifwamba, mwa zipolopolo 100 ziri zonse, 18 zokha ndizo zinalasa munthu amene anali kumcalira. Zotsala 82 zinapita kwina. Pa mseu cipolopolo cophonya cikhoza kulowa m'khoma. M'khonde la sukulu, modzaza ana othawa uku ndi uku, cidzalowa mwa yani? Ndipo apolisi akafika napeza munthu wamkulu wobvala zobvala wamba, mfuti ili m'manja, adzadziwa bwanji kuti uyu ndiye mphunzitsi?

Koma pali cinthu cina cimene andale a kumeneko acilambalala, ndipo kwa ine ndico cacikulu pa zonse. Polankhula za wakupha, amam'jambula ngati cilombo cocokera kuthengo, mlendo wosadziwika. Pitaninso pa maina tachula aja. A ku Columbine anali ana a pa sukulu pomwepo. Wa ku Pearl cimodzimodzi. Wa ku Parkland anali atacotsedwa pa sukulu yomweyo. Wa ku Uvalde anaphunzirapo pa Robb ali mwana. Motero tikati mphunzitsi aombere, tinena kuti aombere mwana amene dzina lake lili m'buku lake loitanira maina, mwana amene anamgwira dzanja pomphunzitsa kulemba, amene amai ake amakumana nao ku msika. Ndipo aombere popanda kukaika, pakuti akangozengereza mphindi imodzi, mfuti yake ija idzakhala m'manja mwa mwanayo. Munthu wokhoza kucita zimenezi ayenera kukhala wokonzeka mumtima tsiku ndi tsiku, kuyang'ana ana ake ndi diso la mlonda, kupima thumba la mabuku liri lonse ndi maso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uphunzitsi wonse waima pa mau amenewa. Mwana wobvutika kunyumba, womenyedwa, wonyozedwa ndi anzake, amaulula kwa mphunzitsi amene samuopa. Kuululako ndiko kumene nthawi zambiri kumaletsa ngozi isanacitike. Sindikhulupirira kuti mwana adzapita kukanong'oneza zakukhosi kwa munthu amene amkaikira kuti ali ndi cida pansi pa jekete.

Nanga mfuti za anawa zicokera kuti? Bungwe la Boma la Secret Service linalemba mu 2019 kuti ana ambiri amene anaombera anzao pa sukulu anatenga mfutizo kunyumba kwa makolo kapena kwa abale. Ku Oxford, m'cigawo ca Michigan, bambo wina anagula mfuti mu November 2021, ndipo patapita masiku 4 mwana wake wa zaka 15 anapha nayo anzake 4. M'mawa wa tsiku lomwelo aphunzitsi anali ataona zoopsa zimene mwanayo anajambula pa pepala, ndipo makolo anaitanidwa ku sukulu, koma sanamtenge kupita naye kunyumba. Mfuti inali m'thumba lake la mabuku. Aphunzitsi anacita mbali yao ndi maso ao, popanda cida. Mu 2024 bwalo linagamula kuti makolo onse awiri akakhale kundende zaka 10 kufikira 15.

Walira mvula walira matope. Mfuti ikakhala m'kalasi masiku onse a caka, kudikira tsiku limodzi limene mwina silidzafika, imabala ngozi zakezake. Mu March 2018, pa sukulu ya Seaside ku California, mphunzitsi amene analinso wapolisi wothandizira anaombera denga mwangozi ali mkati mophunzitsa za citetezo, ndipo zidutswa zinabvulaza ana. Ku Pakistan, zigawenga zitapha ana oposa 130 pa sukulu ya ku Peshawar mu December 2014, Boma la cigawoco linalola aphunzitsi kunyamula mfuti. Mu June 2015, ku Mingora, mfuti ya mphunzitsi inalira mwangozi, nipha mwana wa pa sukulu pomwepo.

Aphunzitsi eni ake atani? Bungwe la Gallup linawafunsa mu March 2018, ndipo 73 mwa 100 ali onse anakana. Mabungwe ao awiri akulu, National Education Association ndi American Federation of Teachers, anakananso. Ndipo taonani cinthu coseketsa, ngati munthu angaseke pa nkhani yotere: caka comweco ca 2018, pamene analonjezedwa kandalama ka mfuti, aphunzitsi a ku West Virginia, Oklahoma ndi Arizona ananyanyala nchito cifukwa ca kucepa kwa malipiro ndi kusowa kwa zipangizo m'makalasi. Ndalama za mabuku zinali kusowa, koma za zipolopolo zinali pafupi kupezeka.

Nyumba ikadontha, mwini ulesi amachera miphika pansi pa madontho, nadzitama kuti mphasa siinanyowe. Denga la ku America lidziwika pamene labooka. Bungwe la Small Arms Survey linawerengera kuti mu 2017 anthu wamba a m'dzikolo anali ndi mfuti 393 miliyoni, ndiko kuti mfuti 120 pa anthu 100 ali onse, kuwerenga ndi makanda omwe. Mu 2020 mfuti zinapha ana ndi acinyamata a zaka 1 mpaka 19 ocuruka kuposa ngozi za pa mseu kapena nthenda iri yonse. Mnyamata wa ku Uvalde sanabe mfuti zake. Anagula mwalamulo atangokwanitsa zaka 18, msinkhu umene m'dzikolo munthu saloledwa kugula mowa. Ufulu wosunga zida unalembedwa m'malamulo akulu a dzikolo mu 1791, nthawi ya mfuti za gogodela zothira wonga kukamwa, ndipo phungu amene ayesa kuukhudza adziwa kuti mabungwe a eni mfuti adzamgwetsa pa cisankho. Kukhudza sitolo ya mfuti kuli ndi mtengo wake kwa wandale. Kutula katunduyo pa mutu wa mphunzitsi kulibe mtengo uli wonse, ndipo tsiku la tsoka likafika padzakhala wina womloza cala.

Dziko la Britain linakumana ndi tsoka lomweli. Pa 13 March 1996, munthu wina anapha tiana 16 ndi mphunzitsi wao ku Dunblane, mu Scotland, ndi mfuti zimene anali nazo mwalamulo. Anthu oposa 700,000 anasaina kalata yodandaula, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo inaletsa anthu wamba kusunga mfuti zazing'ono za m'manja pafupifupi zonse. Aphunzitsi a ku Scotland anatsala ndi coko cao. Ku Florida komwe, lamulo lija la 2018 linakwezanso msinkhu wogulira mfuti kufika pa zaka 21, umboni wakuti aphunguwo anadziwa bwino pamene pali bowo.

Cigawo ca Tennessee cinasankha miphika. Mu March 2023 ana 3 a zaka 9 ndi akulu 3 anaphedwa pa sukulu ya Covenant mu mzinda wa Nashville. Mu April 2024 aphungu anabvomereza kuti mphunzitsi wophunzira maola 40, atalandira cilolezo kwa akulu a sukulu ndi kwa apolisi, akhoza kubisa mfuti m'kalasi. Anthu amene anadzaza m'khonde la Nyumba ya Malamulo tsiku limenelo anapfuula kuti magazi ali m'manja mwa aphunguwo, ndipo anawaturutsa. M'lamulo limeneli muli mau akuti dzina la mphunzitsi wonyamula mfuti likhale lacinsinsi, kotero kuti ngakhale kholo lofunsa za mwana wake silingauzidwe. Akulu oyang'anira sukulu za Boma mu Nashville, mzinda womwe unaika maliro aja, analengeza kuti m'sukulu zao mphunzitsi saloledwa kulowa ndi mfuti.