Zikwangwani tikuziona, nanga mwanayo wasintha chiyani?

Mu 2009 anthu a ku Chinkhota, kunja kwa mzinda wa Lilongwe, anauzidwa kuti asiye minda yawo chifukwa pamalopo pamangidwa sukulu yapamwamba ya atsikana. Mwini ntchitoyo anali woimba wa ku America, Madonna, kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi. Pofika 2011 ntchitoyo inalephereka, ndipo kunamveka kuti madola 3.8 miliyoni anali atatha kale, sukulu osaoneka. Patapita zaka ziwiri kunabuka mkangano wina. Bungwelo linkati lamanga sukulu khumi, boma linkati ayi, mwangomanga zipinda zophunziriramo. Onsewo ankawerenga njerwa ndi malata. Kodi alipo amene anafunsa kuti mwa ana olowa m'zipindazo, ndi angati akutha kuwerenga chiganizo chimodzi cha Chichewa?

Matendawa si a bungwe limodzi. Tsegulani lipoti la pachaka la bungwe lililonse lothandiza ana, mupeza mabuku amene agawidwa, mijigo imene yakumbidwa, maphunziro amene achitikira ku hotela ya kunyanja, ndi chithunzi cha mwana akumwetulira. Zonsezo zikunena zimene bungwe lachita. Zimene zamuchitikira mwanayo zili patsamba liti?

Dziko lino linaphunzira kale kuti kuchuluka kwa mitu si kuchuluka kwa nzeru. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira kusukulu m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu. Koma kafukufuku woyesa kawerengedwe ka ana mu 2010 anapeza kuti oposa theka la ana a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. M'kaundula mayina anali odzaza.

Tikambe za phala. Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana pafupifupi 200 m'dziko muno, ndipo lero limadyetsa ana oposa miliyoni. Palibe mphunzitsi angatsutse kuti kapu ya likuni imakoka mwana kusukulu. Tsiku limene ufa watha, kalasi imaonekeratu. Koma funso lisathere pamenepo. Ana amene anayamba kumwa phalalo ali Sitandade 1, ndi angati anafika Sitandade 8? Ndi angati anasankhidwa kupita kusekondale, poyerekeza ndi anzawo a sukulu zopanda phala? Ndipo tikamauzidwa kuti kudyetsa mwana chaka chonse n'kotchipa, kodi m'masamuwo muli thukuta la amayi amene amadzuka mbandakucha, kutunga madzi, kusonkha moto ndi kutakasa phala popanda malipiro? Ntchito yawo ndi yaulere kwa ndani?

Mawu akuti "poyerekeza" ndi amene mabungwe ambiri amawazemba. Ku Mwandama m'boma la Zomba ndi ku Gumulira m'boma la Mchinji kunali midzi ya chitsanzo ya Millennium Villages, ntchito imene mtsogoleri wake anali katswiri wa zachuma Jeffrey Sachs. Kunabwera feteleza, mbewu, maukonde oteteza ku udzudzu ndi chakudya cha kusukulu, ndipo zokolola zinakwera. Komatu zaka zomwezo boma la Bingu wa Mutharika linali litayamba kugawa makuponi a feteleza m'dziko lonse, mvula inagwa bwino, ndipo imfa za ana zinkatsika ngakhale m'midzi imene alendowo sanapondeko. Ndiye gawo la pulojekiti linali liti? Poyambitsa ntchitoyo sanakonze bwino midzi ina yofananitsa nayo, choncho yankho linavuta. Mu 2012, nkhani imene analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, yonena kuti imfa za ana zikutsika mofulumira kwambiri m'midzi yawo ya mu Africa, inachita kukonzedwa akatswiri ena ataloza zolakwika m'masamu ake. Ngati akadaulo otere anapunthwa, kuli bwanji kabungwe kamene kamadziyesa kokha, kudzichonga kokha, n'kudzipatsa kokha mphotho?

Njira yabwino ilipo, ndipo inayesedwa konkuno. Mu 2008 ndi 2009, ku Zomba komweko, ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anatsatira atsikana masauzande a zaka 13 mpaka 22. Madera anasankhidwa mwa maere. Kwina atsikana ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha akamapita kusukulu, kwina ankalandira popanda lamulo lililonse, kwina sankalandira kanthu. Ndalama za lamulo zija zinathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu; zopanda lamulo zinachepetsa mimba ndi maukwati a ana. Akanakhala ena, akanaimba ng'oma pomwepo n'kupakira. Iwo anabwereranso patadutsa zaka zoposa ziwiri ndalama zitasiya, ndipo anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Zina zinatsala: ana obadwa kwa atsikana amene ankalandira ndalama zopanda lamulo panthawiyo anali okula bwinoko mu msinkhu. Zotsatirazo sizinali zokoma kuzimva, koma anazilemba poyera. Ndi mabungwe angati amene amabwerera kumudzi galimoto zitasiya kuyenda? Paja mlendo ndi mame. Pulojekiti ya zaka zitatu imatha mwana asanachoke n'komwe kusukulu ya mkombaphala.

Ena adzati kafukufuku wotere ndi wodula, ndipo ndalamazo bola zigule ufa. Pali zoona pamenepo. Koma kodi kuyeza konse kumafuna pulofesa? Mlangizi wa zaumoyo amakulunga kachingwe koyezera pamkono wa mwana wonyentchera. Kakaonetsa kufiira, mwana amayamba kulandira chiponde. Pakatha masabata angapo amamuyezanso, ndipo mayi ake amaona ndi maso awo ngati kafika pobiriwira. Mtengo wake ndi wochepa, bodza lake ndi lovuta. N'chiyani chikuletsa bungwe la maphunziro kupatsa ana kandime koti awerenge chaka chikamayamba ndi pamene chikutha, makolo ali pomwepo? Kapena vuto ndi loti yankho lingachepetse thandizo la chaka chamawa?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Amene amalemba lipoti ndi yemweyo amene malipiro ake amadalira kuti lipotilo likome. Lipotilo limalembedwa m'Chingerezi n'kutumizidwa ku London kapena ku Washington. A mfumu amene anapereka malo, komiti ya sukulu imene inaumba njerwa, ndi agogo amene akulera ana amasiye ojambulidwawo, saliwona. Bungwe loyang'anira mabungwe la NGORA limafuna malipoti a momwe ndalama zayendera, ndipo ngakhale amenewo ambiri sapereka m'nthawi yake. Nanga bwanamkubwa ndi khonsolo yake, amene amalandira mabungwewa ndi manja awiri akamalowa m'boma, amawafunsa chiyani akamatuluka?

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwa ana amenewo, tsopano ena ali kupulayimale, ena kusekondale, ena pakhomo. Mabungwe amene anawalemba mayina nthawi imeneyo angatiuze kuti aliyense ali kuti?