Chikondi chosayembekeza malipiro

M'mwezi wa July 2025, bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Chifukwa chachikulu chidali ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa phirili ngati malo opatulika a mizimu ya makolo. Nkhaniyi ikutikumbutsa kuti chikhulupiriro cha mnzathu tiyenera kuyamba tachimvetsa tisanachiweruze.

M'tsinde mwa phiri lomweli mudakhalanso anthu ena amene chikhulupiriro chawo sitidachifunse. Amwenye ochokera ku Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu, adatsegula masitolo m'maboma ngati Mulanje m'nthawi ya atsamunda, mpaka pamene boma la Dr Kamuzu Banda lidawalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti malonda awo azichitira m'mizinda yokha. Tidagula kwa iwo nsalu, mchere ndi palafini, koma za mapemphero awo ambirife tidangomaliza ndi mawu akuti "opembedza mafano".

Komatu m'Chihindu muli njira yotchedwa bhakti, kutanthauza kudzipereka kwa Mulungu mwachikondi. Buku lawo la Bhagavad Gita limafotokoza za njira ya ntchito, ya nzeru ndi ya chikondi, ndipo mutu wa 12 wonse ndi wa bhakti. Wotsata njirayi amamva za Mulungu wake, kumuimbira, kumukumbukira ndi kumutumikira ngati kapolo, bwenzi kapena mwana. Pachimake pake ndi pamene munthu akonda osawerengera phindu.

Njirayi idafala ndi alakatuli a ku South India otchedwa Alvar ndi Nayanar zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ena mwa iwo adali a mafuko onyozeka, ndipo adaimba m'Chitamil, chiyankhulo cha anthu wamba. Ku Gujarat, Narsinh Mehta wa m'zaka za m'ma 1400 adapeka nyimbo imene Mahatma Gandhi ankaikonda, yoyesa wopembedza weniweni ndi mmene amamvera ululu wa anzake.

Tisanamizane, kusiyana kulipo. Mkhristu amakhulupirira kuti Mulungu ndiye adayamba kutikonda, ndipo chipulumutso chili mwa Yesu Khristu. Komabe mu 1965 Mpingo wa Katolika, m'chikalata cha Nostra Aetate, udavomereza kuti Ahindu amafunafuna Mulungu mwachikondi ndi chidaliro. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Kalumoko kakutimeta pati? Masiku ano ambiri tikuthamangira mapemphero chifukwa cha ntchito, banja kapena viza. Mafuta ndi madzi odzozedwa akugulitsidwa ngati tomato pamsika, ndipo chopereka chasanduka katapila amene tikufuna Mulungu abweze ndi chiwongoladzanja. Dalitso likachedwa, timasamukira kwa mneneri wina. Funso la Satana pa Yobu 1:9, lakuti kodi Yobu amaopa Mulungu popanda phindu, latifika pakhomo.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 adakokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ambiri adataya abale, nyumba ndi minda. Amene adapitirizabe kupemphera m'misasa, manja ali lende, adationetsa chikondi chosagulidwa.

Abale ndi alongo, werengani Marko 12:30-31 ndi 1 Yohane 4:20 sabata ino, ndipo mudzifunse: Mulungu atapanda kundipatsa kanthu chaka chino, kodi ndidzamukondabe? Nanga mnansi wachipembedzo china ndimamudziwa dzina, kapena mitengo ya m'sitolo yake yokha?

Ambuye akudalitseni.