ZA MASEWERA: Caka Cosalembedwa m'Mbiri ya Axcil Jefferies

Anthu ambiri a m'boma la Chadiza amadziwa galimoto ngati cotengera cimanga, nshawa ndi thonje kupita ku Chipata. Koma kuli magalimoto ena amene sanyamula ngakhale thumba limodzi. Ali ndi mpando umodzi wokha, mawilo ake ali poyera, ndipo nchito yake ndi kupikisana liwiro pa msewu wa tara wozungulira. Amasiyana ndi magalimoto a rally okwera anthu awiri, onga aja anayendetsa Bambo Satwant Singh a ku Lusaka, amene anakhala ngwazi ya Africa kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000.

Mipikisano ya mpando umodzi ili ndi makalasi monga sukulu. Mwana amayamba ndi kagalimoto kocedwa kart, nakwera pang'onopang'ono, ndipo pamwamba penipeni pali Formula One. Caka ciri conse amalemba gulu limene mnyamata anayendetsera ndi malo amene anathera. Imeneyi ndiyo mbiri imene eni magulu akuluakulu amayang'ana asanamtenge.

Mmodzi wa anyamata a cigawo cino ca Africa amene anayesa njira imeneyi ndi Axcil Jefferies wa ku Zimbabwe, wobadwa mu 1994. Anayamba kart ali ndi zaka 6. Mu 2009, ali ndi zaka 15, analowa mpikisano wa ku Asia wocedwa Formula BMW Pacific ndi gulu la Eurasia Motorsport, ndipo pakutha pa caka anali wacitatu.

Wowerenga mbiri yake adzadabwa pofika pa 2011, pakuti pamenepo palibe colembedwa. Luso silinamthawe, cinasowa ndi ndalama. M'makalasi a pansi woyendetsa salipidwa, koma ndiye amene amalipira gulu kuti ligule matayala ndi mafuta, lilipire amakanika, ndi kunyamula galimoto kupita ku maiko akutali. Ndalamazo zimacokera kwa makolo kapena kwa makampani amene maina ao amalembedwa pa galimoto.

Jefferies anabwerera mu 2012 mu Formula Two. Mu 2013 anapikisana ku America mu Indy Lights, ndipo mu 2014 anafika mu GP2, kalasi imene pa nthawiyo inali pakhomo pa Formula One. Kumeneko anayendetsera gulu la Trident pa mpikisano wa ku Bahrain wokha.

Amene anali woyamba mu 2009 muja ndi Rio Haryanto wa ku Indonesia. Iyeyu anathandizidwa ndi Pertamina, kampani ya mafuta ya Boma la kwao, nalowa mu Formula One mu 2016 ndi gulu la Manor. Koma nayenso anatsitsidwa atangopikisana maulendo 12, cifukwa ndalama zolonjezedwa sizinakwanire. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Jefferies sanataye mtima. Anasamukira ku magalimoto a denga, amene amapikisana nthawi yaitali oyendetsa akulandizana. Mu 2021 iye ndi anzake anapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Dubai pa galimoto ya Porsche, ndipo mu 2022 anapambananso pa Audi.

Mbiri yotere ilinso m'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala. Mwana amakhoza bwino mayeso a Giredi 12, koma caka cotsatira amapezeka ali kudimba cifukwa ndalama za ku koleji zasowa, ndipo ena amayamba kunena kuti nzeru zinamthera. Makolo, mafumu ndi eni malonda, poona caka cosalembedwa m'mbiri ya mwana, ayambe afunsa cimene cinamuimitsa asanamuweruze. Kawirikawiri yankho lake ndi ndalama, ndipo ndalama ndi cinthu cimene mudzi ungathe kusonkha.